Tsoka Limene Limanunkha

Akuluakulu akale adati tsoka silinunkha. Ponena mawu ameneŵa ankatanthauza kuti zoopsa zimagwera munthu popanda kumchenjeza, monga mphezi imene imakantha mtengo umene mlendo wabisalirapo mvula. Mwambiwu ngwoona pa zinthu zambiri, koma m'mafakitale a masiku ano muli tsoka lina limene limanunkha ndithu, ndipo kaŵirikaŵiri limaonetsa zizindikiro zake masiku kapena miyezi ngozi isanagwe. Tsoka limeneli ndi amoniya, mpweya wa fungo lobaya m'mphuno umene umathandiza anthu pa ntchito zambirimbiri, koma umene wachititsa khungu, kuwononga mapapo ndi kupha antchito ochuluka m'maiko osiyanasiyana. Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana amatuluka m'sukulu ndi kukaloŵa ntchito m'malo amene mpweyawu umasungidwa, ena a iwo asanamvepo ngakhale dzina lake. Nkhani ya amoniya tsono ndi ya iwowo, ya aphunzitsi awo, ndi ya mabwana amene amawalemba ntchito.

Pa 24 Marichi 1992, mu mzinda wa Dakar, likulu la dziko la Senegal, mudachitika ngozi ya amoniya imene mpaka lero imaŵerengedwa pakati pa ngozi zoopsa koposa za mtundu wake pa dziko lonse. Senegal ndi dziko la alimi a mtedza, ndipo pafupi ndi doko la Dakar padali fakitale ya kampani ya SONACOS yoyenga mafuta a mtedza. Mafuta akafinyidwa, zotsalira zake zimasanduka chakudya cha ziŵeto. Vuto la zotsalirazo ndi chuku, mdani amene mlimi aliyense wa mtedza wa ku Mchinji kapena ku Kasungu amamdziŵa bwino. Chuku chimatulutsa poizoni wowononga chiŵindi, ndipo njira imodzi yophera mphamvu ya poizoniyo ndiyo kuthira amoniya m'zotsalirazo. N'chifukwa chake fakitaleyo inkalandira amoniya wamadzi pa magalimoto akuluakulu a thanki.

Thanki imene idafika pa fakitalepo nthaŵi imeneyo idali yololedwa kunyamula matani osakwana 18, koma idathiridwa matani oposa 22. Kuwonjezera apo, thankiyo idali itakonzedwapo chaka cha 1991 mwa kuiwotcherera pamalo pamene padawonongeka. Masana a tsikulo, ili chiimire kudikira kuti katundu atsitsidwe, idaphulika ndi kung'ambika paŵiri. Zidutswa zake zidauluka ndi kugumula makoma, ndipo amoniya adafalikira ngati nkhungu yoyera yochindikala imene idakuta fakitale, misewu ndi malo ogulitsira zakudya a pafupi. Anthu 129 adafa, ndipo ena 1,150 adavulala. Ena adafera pomwepo, koma ambiri adafera m'zipatala masiku otsatira. Pakati pa ovulala padali anthu amene adamva kuphulikako nathamangira komweko kuti akaone chimene chachitika, osadziŵa kuti nkhungu imene ikubwera kudzakumana nawo ndi yakupha.

Munthu akamva nkhani yotere amafulumira kunena kuti lidali tsoka, kapena kuti tsiku lawo lidakwana. Koma woganiza mofatsa adzaona kuti ngoziyo idamangidwa pang'onopang'ono ndi manja a anthu. Padali wina amene adawotcherera thanki, ndi wina amene adailola kubwerera pa msewu. Padali wina amene adathira matani oposa anayi kupitirira muyeso, ndi wina amene adailola kunyamuka ndi katundu woteroyo. Padalinso khamu la anthu ogwira ntchito ndi ogulitsa malonda m'mbali mwa fakitale amene sankadziŵa tanthauzo la nkhungu yoyerayo. Pa malo alionse a mndandanda umenewu padali mpata woti munthu mmodzi aime ndi kufunsa, ndipo funso limodzi loyankhidwa moona likadachepetsa maliro.

Phunzirolo silidali lachilendo. Zaka 19 m'mbuyo mwake, pa 13 Julayi 1973, thanki ya amoniya idaphulika pa fakitale ya feteleza ku Potchefstroom, m'dziko la South Africa. Matani 38 adatuluka nthaŵi imodzi ndipo anthu 18 adafa, ena a iwo ali kunja kwa mpanda wa fakitale. Kumenekonso ofufuza adapeza kuti chitsulo cha thankiyo chidali chitafooka chifukwa cha kapangidwe ndi kakonzedwe kosalongosoka. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Ngozi ziŵirizi zidachitika pa dothi la Africa, ndipo palibe dziko limene lili ndi mafakitale limene linganene kuti nkhaniyi njakutali.

Kuti munthu asamale chinthu, ayenera kuyamba wachidziŵa. Amoniya amapangidwa ndi mipweya iŵiri, naitrojeni ndi haidrojeni, ndipo ophunzira sayansi amamlemba NH3. Fungo lake si lachilendo kwa munthu wokulira kumudzi, pakuti ndi lomwe limamveka m'khola la nkhuku losasesa kapena pamalo pamene anthu amatayirapo madzi tsiku ndi tsiku. Chaka cha 1909 katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, adapeza njira yopangira amoniya kuchokera ku naitrojeni wa mumlengalenga, ndipo Carl Bosch adaikuza njirayo kufikira fakitale yoyamba idatsegulidwa ku Oppau chaka cha 1913. Lero dziko lapansi limapanga matani oposa 150 miliyoni pa chaka, ndipo gawo lalikulu limapita ku feteleza. Thumba la yureya limene mlimi amathira m'chimanga chake chiyambi chake ndi amoniya. Wonena kuti mpweyawu ungoletsedwa basi ayenera kukumbukira kuti popanda iwo nkhokwe za anthu mamiliyoni ambiri zikadakhala zopanda kanthu.

Wachinyamata wofuna ntchito angakumane ndi amoniya m'malo ambiri kuposa mmene akuganizira. Makina akuluakulu oziziritsira zinthu amayendera mpweya umenewu: m'nyumba zosungiramo nyama ndi nsomba, m'mafakitale a mkaka, a moŵa ndi zakumwa zina, ndiponso kumene amapanga madzi oundana. M'minda ya mitengo ya mphira amathira amoniya mu utomoni kuti usaume msanga. Kuyambira pamene maiko adagwirizana ku Montreal chaka cha 1987 kusiya mipweya yoziziritsira imene inkawononga chophimba cha ozoni mumlengalenga, amoniya wakhalabe wodalirika kwa eni mafakitale, popeza iye sawononga chophimbacho ndipo ngwotsika mtengo. Choncho amoniya sachoka msanga m'malo a ntchito. Chimene chiyenera kuchoka ndi umbuli wa anthu omugwira.

Pa malo otentha monga mmene kunja kumakhalira, amoniya ndi mpweya. Amasanduka madzi pokhapokha ataziziritsidwa kufika madigiri 33 pansi pa ziro, kapena atapanikizidwa mwamphamvu m'thanki ya chitsulo. Madzi ameneŵa amafufuma akamva kutentha, ndipo n'chifukwa chake lamulo la odzaza mathanki limati thanki isadzazidwe kupitirira magawo 85 pa 100, kuti pamwamba patsale mpata. Wophika phala sadzaza mphika mpaka m'milomo, komabe mphika uli ndi posefukira, pamene thanki yotseka ilibe. Ikadzala tho, madziwo amakankha chitsulo mpaka chitang'aluka pamene pali pofooka. Lita imodzi ya amoniya wamadzi ikatuluka imasanduka malita pafupifupi 850 a mpweya. Mabuku amaphunzitsa kuti amoniya ngwopepuka kuposa mpweya umene anthu amapuma, ndipo ndi zoona, koma wotuluka mwadzidzidzi m'thanki amakhala wozizira kwambiri ndi wosakanizika ndi timadontho, motero amakwaŵa pansi ngati nkhungu ya m'dambo, natsata mphepo, nadzaza zigwa ndi ngalande. Wodalira kuti mpweyawo ukwera wokha kumwamba amapezeka nawo uli m'chifuwa.

Choopsa chachikulu cha amoniya ndi ludzu lake la madzi. Akakhudza chinyezi chilichonse amasungunuka msanga nasanduka madzi oŵaŵa a mtundu wa soda, ndipo m'thupi la munthu malo a chinyezi ndiwo maso, mphuno, mmero, mapapo ndi khungu la thukuta. Mayi wophika therere amadziŵa mmene chidulo chimafeŵetsera masamba. Amoniya amachita zomwezo pa mnofu wa munthu, koma mwaukali woposa. Asidi akagwera pa khungu amaumitsa mnofu napanga nkhanambo imene imamchedwetsa kuloŵa mkati, pamene amoniya amasungunula mnofu napitirira kuloŵerera. Dontho limodzi la amoniya wamphamvu m'diso lingathe kusiya munthu wakhungu moyo wake wonse. Mu mmero amatupitsa njira ya mpweya kufikira munthu atabanika. M'mapapo amachititsa kuti mudzale madzi, ndipo izi zingachitike patapita maola munthu akuoneka ngati wachira. Opulumuka ena amatsala ndi chifuwa chosatha ndi phuma, osathanso kugwira khasu kapena kukwera chitunda. Pamwamba pa zonsezi, amoniya wamadzi amatentha khungu ndi kuzizira kwake, ndipo amaumitsa zovala kuti zimamatire ku thupi.

Akatswiri amayeza mpweyawu poŵerenga magawo ake pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wopuma. Anthu ambiri amayamba kumva fungo magawo akafika pafupifupi 5. Muyeso umene maiko ambiri amatsata umati wantchito asapume magawo oposa 25 pa maola 8 a ntchito, kapena magawo oposa 35 pa mphindi 15. Magawo 300 amaŵerengedwa kuti ndi ngozi ya pomwepo pa moyo ndi thanzi, ndipo akapitirira 5,000 munthu angafe m'mphindi zoŵerengeka. Pakati pa 5 ndi 300 pali mtunda wautali, ndipo mtunda umenewu ndiwo mwayi wa wantchito, chifukwa mphuno imamchenjeza ngozi ikadali kutali. Koma mphuno ili ndi chilema chimodzi: imazoloŵera. Munthu wokhala m'fungo tsiku ndi tsiku amaleka kulimva. Wongoyamba ntchito akadandaula za fungo, mnzake wokhalitsa amamseka nati, "Ameneyu ndi wachilendo, azoloŵera." Kunena zoona, mphuno ya wachilendoyo ndiyo ikugwira ntchito bwino. M'chipinda cha makina osamalidwa bwino simuyenera kumanunkha amoniya nthaŵi zonse, ndipo fungo losatha ndi umboni wakuti penapake pakudontha.

Malamulo a kagwiridwe ka amoniya si ambiri, ndipo palibe limene lili lovuta kulimva. Wogwira mapaipi kapena mathanki avale magalasi othina bwino osaloŵa mpweya, chotchinga nkhope yonse, magolovesi a mphira, nsapato za mphira ndi zovala za manja aatali. Kansalu kotchingira fumbi sikathandiza konse pa amoniya. Pamafunika chophimba nkhope chokhala ndi sefa yopangidwira mpweya umenewu, imene imadziŵika ndi mtundu wobiriŵira, ndipo pamene mpweya wachuluka pamafunika chida chokhala ndi botolo lakelake la mpweya wopuma. Munthu asagwire ntchito yotere ali yekha. Asanamasule paipi atsimikize kuti mulibe kanthu, ndipo asaime moyang'anizana ndi potulukira. Amoniya wamadzi asatsekeredwe m'chigawo cha paipi chotseka mbali zonse ziŵiri, chifukwa chigawocho chimasanduka kathanki kodzala tho. Ntchito yokhetsa mafuta m'makina oziziritsira yavulaza amisiri ambiri, pakuti mafuta akatha amoniya amatsatira pomwepo, motero wokhetsa asachoke pamalopo paipi ili yotsegula. Zitsulo za mkuwa ndi zinki zisagwiritsidwe ntchito, popeza amoniya amazidya. Mabotolo a gasi aimikidwe chilili pa mthunzi, atamangidwa ndi tcheni. Moto wowotcherera usayandikire paipi imene sidatsukidwe, chifukwa amoniya akafika magawo 15 mpaka 28 pa 100 m'chipinda chotseka amatha kuyaka ndi kuphulika.

Ngoziyi siili m'mafakitale akuluakulu mokha. Wokolopa m'maofesi, m'mahotela ndi m'zipatala amagwira mankhwala otsukira amene ena muli amoniya wosungunula, kaŵirikaŵiri magawo 5 mpaka 10 pa 100. Mankhwala otere akasakanizidwa ndi Jik kapena mankhwala ena a klorini amatulutsa mpweya wapoizoni umene ungagwetse munthu m'bafa lotseka. Wosakaniza amaganiza kuti mankhwala aŵiri ayeretsa koposa amodzi, osadziŵa kuti akudzipangira yekha ululu. Mankhwala asathiridwenso m'botolo la zakumwa, pakuti mwana kapena mlonda waludzu saŵerenga za m'kati. Woŵeta nkhuku zambiri nayenso akumbukire kuti khola limene limamliza misozi akaloŵamo likuwononga mapapo ake ndi a nkhuku zake, ndipo mankhwala ake ndi kuchotsa zitosi, kuyala utuchi wouma ndi kutsegula mazenera.

Ngozi ikagwa, mphindi zoyambirira ndizo zimalekanitsa amoyo ndi akufa. Choyamba ndi kudziŵa kumene mphepo ikuchokera. Wothaŵira kumene mphepo ikupita amathamanga pamodzi ndi nkhunguyo mpaka itampeza. Njira yabwino ndi kuthaŵa mopingasa, kutuluka m'mbali mwa nkhungu, kenaka kulunjika kumene mphepo ikuchokera, makamaka ku malo okwera. N'chifukwa chake pa fakitale yosunga amoniya pamayenera kukhala kansalu kapamwamba koonetsa mbali ya mphepo, ndipo wantchito aliyense adziŵe tanthauzo lake. Amene nkhungu yawapeza ali m'nyumba atseke zitseko ndi mazenera, atseke mipata ndi nsalu zonyowa, ndipo aphimbe mphuno ndi pakamwa ndi nsalu yonyowa kufikira thandizo litafika. Woona mnzake atagwa m'chipinda chodzala mpweya asaloŵemo wopanda chida chopumira, ngakhale mtima ukuŵaŵa chotani, chifukwa otero amawonjezera chiŵerengero cha mitembo. Pa chithaphwi cha amoniya wamadzi pasathiridwe madzi, popeza madziwo amamtenthetsa nachulukitsa mpweya. Zitseko zothaŵira zikhale zotsegula nthaŵi zonse. Mu Juni 2013, pa fakitale yophera nkhuku ku Dehui m'dziko la China, moto udabuka ndipo mapaipi a amoniya adaphulika. Anthu 121 adafa, ndipo opulumuka adasimba za zitseko zimene adazipeza zokhoma.

Kwa wovulala, mankhwala oyamba ndi madzi, madzi ochuluka, ndiponso msanga. Khungu kapena maso zitsukidwe ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, ndipo maso atsegulidwe ndi zala ngakhale wovulalayo akukana chifukwa cha ululu. Kutsukako kupitirire ngakhale pa njira yopita ku chipatala. Zovala zonyowa ndi amoniya zivulidwe, koma ngati zauma ndi kumamatira ku thupi ziyambe zathiridwa madzi kuti zifeŵe, chifukwa kuzisolola mwamphamvu kumachotsa khungu. Pa bala lotere pasapakidwe mafuta odzola, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano kapena dzira monga ena amachitira pa bala la moto, pakuti zonsezi zimatsekera amoniya mkati kuti apitirize kudya mnofu. Womwa mankhwala a amoniya asasanzitsidwe, chifukwa mankhwalawo adzatenthanso mmero pobwerera. Ndipo aliyense amene wapuma mpweya wochuluka apite ku chipatala ngakhale akumva bwino. Ku Dakar, ena amene adaoneka ngati avulala pang'ono adadzala madzi m'mapapo patapita nthaŵi, namwalira. Zonsezi zikutanthauza kuti mpope wa madzi uyenera kukhala pafupi penipeni ndi malo a ntchito, woti munthu wosaona angathe kuufika mopapasa, ndipo uyenera kuyesedwa kaŵirikaŵiri kuti ukutulutsa madzi.

Katundu wamkulu pa nkhani imeneyi ali pa mapewa a wolemba ntchito. Iye ndiye amagula thanki, amasankha mmisiri woikonza, amaika nthaŵi yoiyeza, ndipo ndiye amadziŵa ngati sikelo ndi mawotchi oyezera zikugwira ntchito. Ku Malaŵi, lamulo lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act la chaka cha 1997 lidaika pa olemba ntchito udindo wosamala moyo ndi thanzi la antchito awo, kuwaphunzitsa za ngozi za pa ntchito ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera. Lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000 lidalongosola za chipukutamisozi cha wovulala pa ntchito. Bungwe la maiko loona za ntchito la ILO, m'pangano lake la 170 la chaka cha 1990, lidanena kuti mankhwala onse a pa ntchito alembedwe bwino maina ndi kuopsa kwake, kuti antchito apatsidwe mapepala ofotokoza kasamalidwe kake, ndi kuti wantchito ali ndi ufulu wodzichotsa pamalo pamene akuona kuti moyo wake uli pa ngozi yaikulu. Mabwana ena amadandaula kuti zipangizo ndi maphunziro zimadya ndalama. Zimadyadi, koma mtengo wa magalasi oteteza maso ndi wochepa pouyerekeza ndi diso, ndipo chipukutamisozi, ngakhale chichuluke chotani, sichibweza mapapo a munthu. Nawo oyendera mafakitale a boma ayenera kufika m'chipinda cha makina chenichenicho, kuyesa mpope wa madzi ndi kufunsa wantchito wamng'ono koposa ngati akudziŵa kothaŵira.

Pali vuto limodzi limene siliyenera kubisidwa. Ntchito n'zosoŵa, ndipo wachinyamata amene wayenda miyezi yambiri ndi makalata m'manja amaopa kufunsa mafunso pa tsiku loyamba, kuti angaoneke wamwano kapena wamantha. Amadziŵa kuti pa chipata pali anzake ambiri okonzeka kutenga malo ake. Mantha ameneŵa ngomveka, ndipo ndi chifukwa chake udindo woyamba uli pa bwana. Komabe safunsa adadya phula. Pali mafunso anayi amene angafunsidwe mwaulemu popanda kunyoza munthu: m'paipi umu muli chiyani, chingamchite chiyani munthu, madzi otsukira ali pati, ndipo mpweya ukatuluka anthu amathaŵira kuti. Kapitawo wodziŵa ntchito yake amakondwera ndi mafunso otere, chifukwa amamuonetsa kuti wapeza mnyamata kapena mtsikana wosamala. Kapitawo amene amakwiya nawo, kapena amene alibe mayankho, waulula yekha mtundu wa malo amene wachinyamatayo waloŵa. Antchito akamafunsa pamodzi, kudzera m'mabungwe awo kapena m'makomiti oona za ngozi, mawu awo amalemera kuposa a munthu mmodzi.

Aphunzitsi nawo ali ndi mwayi umene wina aliyense alibe, popeza iwo amakumana ndi wantchito wa maŵa asanakumane ndi thanki. Amoniya ali kale m'maphunziro a sayansi a ku sekondale. Ophunzira amaloŵeza kuti amasandutsa pepala lofiira la litmus kukhala la buluu, ndi kuti amasungunuka msanga m'madzi. Mphunzitsi wanzeru adzawonjezera kuti kusungunuka komweko ndiko kumachititsa munthu khungu, ndi kuti kufufuma kwa madzi pa kutentha, kumene kumaphunzitsidwa m'phunziro lina, ndiko kumang'amba thanki yodzala tho. Adzaonetsa kanunkhizidwe koyenera, kokupizira fungo ndi dzanja m'malo moika mphuno pakamwa pa botolo. Adzabweretsa m'kalasi botolo lopanda kanthu la mankhwala otsukira, kuti ana aphunzire kuŵerenga zolembedwa ndi kuzindikira zizindikiro za ngozi za mzere wofiira, monga chibade cha mutu ndi dzanja lodyeka ndi mankhwala. Adzatuluka nawo pa bwalo ndi kuwafunsa kumene mphepo ikuchokera ndi kumene angathaŵire. Zonsezi sizifuna ndalama kapena chipinda chapamwamba cha sayansi. M'sukulu za ntchito zamanja, kumene amaphunzitsa okonza mafiriji ndi owotcherera, phunziro limeneli liyenera kubwera wophunzira asanagwire sipanala. Mmera mpoyamba, ndipo chizoloŵezi chosamala chimene munthu wachitenga ali wamng'ono amakalamba nacho.

Anthu 129 a ku Dakar adadzuka mmaŵa wa tsiku limenelo monga amadzukira wantchito aliyense, ndi maganizo a malipiro, a chakudya cha madzulo ndi a ana. Sangabwerenso, koma zimene zidawapha n'zodziŵika, ndipo njira zozipeŵera n'zolembedwa. Thanki iyezedwe ndipo isadzazidwe mopitirira, paipi yodontha ikonzedwe tsiku lomwelo, mpope wa madzi ukhale pafupi, chitseko chikhale chotsegula, ndipo wongoyamba ntchito auzidwe zoona za chimene akugwira. Wantchito wachilendo akanena kuti akumva fungo, kapitawo asiye zimene akuchita, atenge chida choyezera, apite naye akamuonetse malowo.